Kompyuta ya VR patatha chaka ndi miyezi kuno ku Kasungu: power supply ndaigula kawiri

Sabata yatha ndalipira power supply (kabokosi komwe kamagawira magetsi zipangizo za m'kati mwa kompyuta) yachiwiri ya kompyuta yomwe ndinaigula yatsopano, yathunthu. Ndili m'minibasi pochokera ku Lilongwe, bokosi lili pamiyendo, mnzanga wina yemwe wakhala akusunga ndalama za fodya kuti naye agule makina otere ananditumizira uthenga: "Achimwene, chinthu chija mukuchiyamikirabe ngati kale?" Funso limeneli silingayankhike ndi eya kapena ayi, ndiye ndalemba zonse pano.

M'kati mwake muli purosesa ya AMD Ryzen 7 7800X3D, graphics card (chipangizo chojambula zithunzi za magemu) ya NVIDIA RTX 4080 ya 16GB, RAM ya DDR5 yokwana 32GB ndi SSD (mosungira mafailo ndi magemu) ya 2TB. Magalasi a VR, omwe ukawavala umaona ngati uli m'kati mwa gemu, ndi Meta Quest 3. Pomwe zinthuzi zinkatuluka, card inali $1,199, purosesa $449, Quest 3 ya 128GB $499. Zikamafika kuno mitengoyo imakhala itanenepa ndi mayendedwe, msonkho komanso phindu la wogulitsa. Depoziti ndinapereka mu Okutobala 2023 kwa mnyamata wina wa ku Lilongwe yemwe amaitanitsa zipangizo ku Johannesburg n'kumalumikiza yekha. Mu Novembala kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, kotesheni n'kusintha. Pa zimenezo sindimuimba mlandu, aliyense woitanitsa katundu kunja anapsa nthawi imeneyo. Ndinawonjezera ndalama, makina anafika mu Januwale 2024.

Zomwe zikuyenda bwino ndingozitchula. Purosesa sinandivutitsepo ndipo sidya magetsi ambiri posewera. SSD imatsegula magemu msanga. RAM ndi yokwanira. Zithunzi za mu Quest 3 ndi zoyera mpaka m'mbali, moti timalemba ting'onoting'ono timawerengeka. Batire lake limatha pakadutsa maola awiri kapena asanakwane, koma pofika pamenepo nkhope imakhala itatopa kale. Ambiri amandifunsa za bandulo: kusewera popanda chingwe sikuidya kwenikweni. Kompyuta ndinailumikiza ku rauta ndi waya, magalasi amalumikizana ndi rautayo pa Wi-Fi ya 5GHz, ndiye zithunzi zimangozungulira m'nyumba momwemo. Bandulo imathera pokopera magemu. Half-Life: Alyx yokha imaposa 60GB, Microsoft Flight Simulator imaposa 100GB, ndipo iyoyo imakokabe mapu pa intaneti uku ukuuluka.

Wina angafunse kuti makina odula chonchi ndi achiyani. Pa sikirini wamba gemu ikayamba kukokera umangopirira n'kupitiriza. M'magalasi sizitheka. Ine ndimaika pa 90Hz, zithunzi 90 pa sekondi, kutanthauza kuti kompyuta ili ndi mamilisekondi 11 okha oti ijambule chithunzi cha diso lamanzere ndi cha lamanja, chilichonse cha madontho 2064 m'mbali ndi 2208 m'mwamba. Ikachedwa, mutu umatembenuka dziko n'kutsalira, ndipo mimba imazindikira msanga kuposa maso: nseru, thukuta, chizungulire.

Miyezi yoyamba ndinalibe choipa chonena. Tsiku lomwe ndinakhutira kwambiri ndi lomwe anabwera malume anga, omwe anapuma pantchito ya uphunzitsi ndipo sanakwerepo ndege. Ndinawakhazika pampando, ndinawaveka magalasi, ine n'kumayendetsa ndikuona pa sikirini. Mu Flight Simulator, gemu youlutsa ndege, tinanyamuka pa Kamuzu International Airport ku Lumbadzi ndi kandege ka Cessna 152, kutsata msewu wa M1 kulowera kumpoto. Nyumba za m'gemuyi si zenizeni, kompyuta imangozimanga moyerekeza, koma misewu, mitsinje, madambo ndi mapiri zimachokera ku zithunzi za satelaiti za Bing, ndiye zili m'malo mwake. Titadutsa Mponela ndi Madisi malume anayamba kuloza ndi chala m'mwamba: "Mphwanga, tsitsako pang'ono, uwo ndi Bua!" Ndege itapendekeka anagwira mpando ndi manja awiri. Phiri la Kasungu litayamba kuoneka patsogolo, lokhalokha pakati pa chigwa, anaseka ngati aona mbale wawo, n'kuyamba kufunafuna msewu wa ku Mtunthama. Atavula magalasi anandiuza kuti ulendo wina akufuna kukaona nyanja ku Nkhotakota. Usiku umenewo ndalama zonse zija sindinazimve kuwawa.

Ulendo wa ku Nkhotakota ndi womwe unandionetsa vuto bwinobwino. Tili m'mwamba, mitambo yambiri kutsogolo, kompyuta inangothima. Sinauze munthu, sinalembe uthenga pa sikirini, mafani onse zii. M'magalasi chithunzi chinauma, kenako mdima bii, malume n'kukhala akupapasa mpando. Babu la m'chipinda linali likuyakabe. Zinali zitachitikapo apo ndi apo, koma kuchokera nthawi imeneyo zinayamba kuchuluka, ndipo nthawi zonse m'magemu olemera a VR. Polemba, poonera mpira kapena posewera magemu opepuka, kompyuta inkatha tsiku lonse osadandaula.

Ndinaimbira wogulitsa uja. Yankho loyamba: "Bwana, amenewo ndi magetsi a kwanuko, gulani UPS." Zinamveka, chifukwa magetsi kuno amaphethira ndithu. Ndinagula UPS, batire losunga kompyuta ili yoyaka magetsi akaphethira, ya 1500VA. Imeneyo sindinong'oneza nayo bondo, magetsi akathima imandipatsa mphindi zingapo zoti nditseke bwino. Koma kompyuta inapitiriza kuthima UPS isanalire n'komwe. Yankho lachiwiri linali kutentha ndi fumbi la ku Kasungu. Ndinaika pulogalamu ya HWiNFO, yoonetsa kutentha kwa zipangizo, n'kumayang'anira. Card inkasewera m'madigiri 70 ndi kanthu, purosesa inali pansi pa 89 yomwe ndi malire ake, ngakhale masana a Okutobala pansi pa malata. Masefa a fumbi ndinkawatsuka kale. Yankho lachitatu linali loti ndiikenso Windows ndi madiraiva, zomwe zinandidyera bandulo yambiri pachabe. Mu Event Viewer, momwe Windows imalembamo zochitika, munkangolembedwa Kernel-Power 41, uthenga womwe umangonena kuti kompyuta inathima mosatsata njira, osatchula chifukwa.

Chomwe chinaulula nkhani ndi MSI Afterburner, pulogalamu yosinthira kagwiridwe ntchito ka card. Ndinatsitsa malire a magetsi omwe card ingakoke kufika pa 70 peresenti, kuthima konse kunalekeratu. Ndikabwezera pa 100, kunkayambanso madzulo omwewo. Apa zinaonekeratu kuti chofooka ndi chomwe chimadyetsa card magetsi.

Pa bokosi la kompyuta wogulitsa anamatapo kapepala koti ndikatsegula waranti yatha, ndipo ndinkakalemekeza. Koma nditatopa ndi mayankho ake ndinainyamula kupita nayo kwa mnyamata wina wokonza malaputopu kufupi ndi msika kuno. Anatsegula mbali yakumbuyo, anaunika ndi tochi ya foni, n'kundiitana: "Abwana, taonani apa." Pa kotesheni yanga panalembedwa power supply ya 850W ya mtundu wa ATX 3.0 (malamulo a kapangidwe ka power supply). M'katimo munali ya 750W, dzina lake losiyana ndi lomwe tinagwirizana, dzina loti tonse awiri sitinalimvepo. Pa kapepala kake, pamzere wa 12V, panalembedwa 50A. Mnyamatayo anachulukitsa pafoni: 12 kuchulukitsa ndi 50 ndi 600, kutanthauza kuti mzerewo umapereka 600W basi. Card ndi purosesa zimadya ku mzere wa 12V umenewo, ndiye 750 ija inali ya pachikuto chabe. Kuwonjezera apo, RTX 4080 ikamagwiritsa adaputala imafuna mapulagi atatu a mapini 8, ndipo awiri mwa atatuwo ankachokera ku chingwe chimodzi.

Mwina wina anena kuti 600 ikukwanirabe, poti card ndi ya 320W ndipo zotsalazo sizifika 200. Pachiwerengero inde. Koma card siikoka magetsi mofanana nthawi zonse, imakoka modzidzimutsa, kwa kanthawi kochepa kwambiri koti mapulogalamu sakuona. Power supply yofooka ikamva kukoka koteroko imadziteteza pothima. N'chifukwa chake malamulo a ATX 3.0, omwe anatuluka mu 2022, amafuna kuti power supply yokhala ndi pulagi yatsopano ya mapini 16 izitha kupirira kuwirikiza kawiri mphamvu yake kwa mamaikurosekondi 100. Yomwe inali mwangamu inali ngati ng'ombe yowonda yomangidwa kungolo yodzaza mabelo a fodya: pachigwa imayenda, pokwera imagwada.

Ndinakwera minibasi ulendo wa makilomita oposa 100 kukaonana ndi wogulitsa uja maso ndi maso. Poyamba anati NVIDIA yomwe imanena kuti 750W ndi yokwanira pa card imeneyi. Zimenezo ndi zoona, koma si zomwe ndinalipira, ndipo 750 yabwino si yofanana ndi ya 50A pa 12V. Kenako anati waranti yatha poti ndatsegula. Ndinamuonetsa kotesheni yokhala ndi dzina la shopu yake komanso chithunzi cha zomwe tinapeza. Ndi pomwe anafewa n'kunena zoona: kwacha itagwa, ndalama yowonjezera yomwe anandiuza sinakwane, ndiye anachepetsa pa power supply poganiza kuti sizidzadziwika. "Achimwene, nanenso ndinapanikizika," anatero.

Kupanikizikako ndikukumvetsa. Chomwe chimandiwawa mpaka pano ndi choti sanandiuze. Akanandiimbira kuti pakufunika ndalama ina, ndikanaipeza, kapena ndikanasankha ndekha kuchepetsa SSD kukhala ya 1TB. M'malo mwake anandisiya miyezi ndikuthamangitsa magetsi, fumbi ndi Windows, iye akudziwa pomwe pali vuto. Ndinazindikiranso tsiku lomwelo kuti malisiti a zipangizo zonse ali m'dzina lake ku shopu ya ku Johannesburg. Card itati ife mawa, ine sindingaibweze ndekha, ndiyenera kudutsa mwa munthu yemweyu. Ndinamuumiriza mpaka anandipatsa makope a malisitiwo, ndipo manambala a card ndi purosesa ndinawafananiza ndi a pa zipangizo. Amenewo ali bwino.

Power supply yatsopano ndaigula kwina, ya 850W, ATX 3.0 yeniyeni, yokhala ndi chingwe chakechake cha mapini 16, moti adaputala ija yachoka. Pulagi imeneyi imafunika kuilowetsa mpaka imveke kuti yakola komanso osaipinda pafupi ndi card, chifukwa zinamvekapo za mapulagi osungunuka akalowa mwatheka. Card ndaibwezera pa 100 peresenti ndipo sinathimepo. Sabata imodzi ndi yochepa kuti ndilumbire, koma mitambo yomwe inkaigwetsa kale ndaidutsa mobwerezabwereza.

Palinso ndalama zina zomwe zimatuluka mwakachetechete. Ikamagwira mwamphamvu, kompyuta yonse imadya pafupifupi theka la yuniti pa ola, ndiye ukamasewera madzulo aliwonse mita imaonetsa. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa masefa amafunika kutsuka sabata iliyonse. M'nyengo yotentha nsalu ya kumaso ya magalasi imanyowa ndi thukuta, ndinagula yotchingira ya silikoni yoti ndizipukuta, makamaka poti amavala anthu ambiri. Magalasi sayenera kusiyidwa pawindo, dzuwa likalowa m'malensi limawotcha sikirini ya m'kati. Amafunanso kuwala m'chipinda kuti adziwe pomwe waima, komanso malo a mamita awiri mbali zonse ngati ukusewera choimirira. M'nyengo ya ziphaliwali ndimazula zonse kukhoma, UPS ndi rauta zomwe.

Tsono ndimayamikira kapena ayi? Zimatengera tsiku. Ndikakhala m'kati mwa Half-Life: Alyx, ndikutsegula madilowa ndi dzanja langa, zonse zikuyenda myaa, ndimaona kuti palibe china chomwe ndagulapo chofanana ndi ichi. Ndikatenga cholembera n'kuphatikiza depoziti, yowonjezera ya Novembala, UPS, mabandulo, maulendo a ku Lilongwe ndi power supply yachiwiri, mtima umatsika. Ndipo makina otere kuno ku Kasungu ulibe woti ungamugulitse ukapanikizika ndi fetereza kapena fizi.

Kwa mnzanga uja ndi ena onga iye, funso loyamba ndi loti mukufuna kusewera chiyani. Ngati ndi Beat Saber ndi magemu olimbitsa thupi, Quest 3 imasewera yokha popanda kompyuta, ndiye musawononge ndalama zanu. Ngati ndi Alyx, gemu ya 2020, card yocheperapo ngati RTX 4070 ikukwanirani. RTX 4080 imamveka pa Flight Simulator, ndipo ngakhale pamenepo ndimatsitsako mitambo ndi mithunzi kuti isakokere. Pa kotesheni palembedwe dzina ndi nambala ya chipangizo chilichonse, power supply yomwe. Muuzeni wogulitsa akupatseni mabokosi onse opanda kanthu ndi makope a malisiti, ndipo atsegule kompyuta inu muli pomwepo musanamalize kulipira. Akakana, tengani ndalama zanu.

Ndi wogulitsa wanga uja tinagwirizana kuti atenge power supply yake n'kundibwezera ndalama ya yomwe inalembedwa pa kotesheni. Theka ananditumizira pafoni tsiku lomwelo. Theka linalo akuti kumapeto a mwezi, ndipo ndinamulembetsa papepala n'kusainira. Akamaliza, ndidzanena kuti kompyutayi ndi yabwino ndipo iye anakonza cholakwa chake. Pakadali pano aliyense wondifunsa nambala yake ndikumuuza kuti adikire kaye mwezi uthe.