Mwana ali ku Chipata, bambo akukayika: kuyezetsa DNA kapena kubwera naye ngati mlendo?

Kuno ku Mchinji nkhaniyi si yachilendo. Mwamuna anali pa ubwenzi ndi mkazi wa ku Zambia, mwana wabadwa, koma mwamunayo sakutsimikiza ngati ndi wake.

Njira yoyamba ndi kuyezetsa DNA, kuyeza kosonyeza ngati mwana ndi wa bamboyo. Zotsatira zikagwirizana, bambo amene anabadwa Mmalawi angapemphe ku Immigration kuti mwanayo azindikiridwe ngati nzika. Yachiwiri ndi yoti mwana atenge pasipoti ya Zambia kudzera mwa mayi ake, n'kudutsa pa malire a Mwami ngati mlendo.

Ndalama: DNA imadula, koma mumalipira kamodzi. Ulendo wa mlendo ndi wotchipa poyamba, koma masiku okhala amatha, mumabwereranso kukawonjezera.

Ululu: palibe. Poyeza DNA amangopaka kathonje m'kati mwa tsaya.

Zotsatira: DNA imatsegula khomo la unzika, ndipo tsopano malamulo athu amalola unzika wa mayiko awiri. Chilolezo cha mlendo sichimusandutsa Mmalawi.

Chovuta chenicheni ndi mtima. Kupempha DNA kumamveka ngati kunyoza mayi, ndipo ife Achewa timati mwana ndi wa kuchikazi, choncho amalume ake ayenera kumva nkhaniyi isanafike patali. Zotsatira zikatsutsa, mwana amene amakuitanani kale kuti adadi ndiye amalira. Ine zimenezi zimandipweteka.

Ofuna kulera mwanayo kuno mpaka akule, yezetsani akadali wamng'ono. Ongofuna kuti agogo ake amuone pa tchuthi, pasipoti ya mayi ikukwanirani.