Khasu la boma kapena la osula a pamudzi? Mkangano wa ku China wa 81 BC

Anzanga okonda mbiri, ku China anthu anakanganapo zoti chitsulo azipanga ndi kugulitsa ndani, boma kapena anthu wamba. Mfumu Wu ya ufumu wa Han inkafuna ndalama zomenyera nkhondo ndi a Xiongnu, anthu oyendayenda ndi ziweto a kumpoto kwa China, ndiye cha m'ma 117 BC boma linangolanda bizinesi ya mchere ndi chitsulo nkutsegula maofesi a zitsulo oposa 40. Mu 81 BC nduna ndi anthu ophunzira anakhalirana pansi kukambirana ngati izi zipitirire.

Mbali ya boma inali ndi mfundo zake ndithu. Ng'anjo zake zinali zikuluzikulu, ngati yomwe ofufuza zakale anafukula ku Guxing pafupi ndi mzinda wa Zhengzhou, chitsulo ankachisungunula mpaka kuyenderera nkumathira m'zikombole, makasu ambirimbiri ofanana. Sang Hongyang, nduna yomwe inkaikira kumbuyo boma pa mkanganowo, ankati mukasiyira anthu, amalemera ndi ochepa okha ndipo amasonkhanitsa chigulu cha antchito kumapiri komwe boma silikuona. Apa sankanama ayi, banja la Zhuo ku Linqiong linalemera ndi chitsulo mpaka kukhala ndi akapolo 1,000.

Koma tamverani zomwe ophunzira aja ankanenera alimi. Akuti zida za boma zinali zazikulu chifukwa ogwira ntchito, ambiri akaidi ndi ogwidwa thangata, ankangofuna kukwanitsa nambala yomwe awapatsa, zikwakwa zake zobuntha zoti udzu omwe osadula, mtengo umodzi chabwino ndi choipa chomwe, ndiye mlimi wasiya munda wayenda mtunda wautali kukafika ku ofesi akupeza wogulitsa kulibe. Osauka ena anafika polima ndi mitengo nkumapalira ndi manja! Pomwe kale bambo ndi ana ake ankasula okha, nthawi yolima ikafika amanyamula zida kupita nazo kuminda komweko, mlimi amatha kulipira ndi mbewu kapena kutenga pangongole.

Ineyo ndili mbali ya osula ang'onoang'onowa, osati akuluakulu ngati a Zhuo. Wosula yemwe muzionana naye mawa sangakugulitseni khasu lophweka kusweka. Boma linkapeza ndalama za asilikali inde, koma wolipira anali mlimi yemweyo. Chomwe chimandiwawa nchoti mkanganowo utatha anangochotsa lamulo loti mowa uzigulitsidwa ndi boma lokha ndi maofesi a zitsulo a kufupi ndi likulu, kwina konseko chitsulo chinatsala m'manja mwa boma.