Fulati yatsopano ku Midrand kapena yakale ku Randburg?

Titatopa ndi kulipira lendi kuno ku Joni, ine ndi mayi a kunyumba tinatha miyezi ingapo tikuyendera mafulati Loweruka lililonse. Thumba lathu linkalola kafulati ka zipinda zogona ziwiri basi, ndipo tinatsala ndi njira ziwiri: kugula yatsopano kwa kampani yomanga ku Midrand, kapena kugula yakale kwa munthu m'mabuloko a ku Randburg. Abale ambiri amene ali ndi mapepala akuima pa mphambano yomweyi.

Zina n'zofanana mbali zonse ziwiri. Fulati kuno imagulidwa pa dongosolo la sectional title: chanu ndi mkati mwa makoma anu, pomwe denga, masitepe, mpanda ndi geti ndi za eni ake onse pamodzi, gulu lotchedwa body corporate. Mwezi ndi mwezi mumasonkha levy molingana ndi kukula kwa fulati yanu. Nayo banki imayamba yaona pasipoti. Munthu wokhala kunja kwa South Africa amabwerekedwa theka la mtengo basi. Wa pemiti ya ntchito nthawi zambiri amauzidwa kuti abweretse dipoziti yaikulu, ndipo amamuyang'anira tsiku limene pemitiyo ithere. Amene ali ndi chilolezo chokhazikika ndiye zimamuyendera ngati nzika.

Yatsopano imakopa, sindinganame. Alonda pa geti, kapinga wodulidwa bwino, dziwe losambira, khitchini yonyezimira. Pa chikwangwani alemba kuti simulipira transfer duty, msonkho wa boma wosinthira umwini wa nyumba. N'zoona, chifukwa mu mtengo wa kampani muli kale VAT ya 15 peresenti. Koma kwa ife ogula tinyumba tating'ono mawuwa alibe phindu: kuyambira April 2025 nyumba yosapitirira R1.21 miliyoni ilibe msonkhowu, kaya ndi yatsopano kaya yakale. Phindu lenileni lili pena. Makampani ambiri amalipira okha loya wosintha umwini, komanso nyumba yatsopano imalembetsedwa ku NHBRC, bungwe loyang'anira omanga nyumba, ndiye womanga amayenera kukonza zolakwika zing'onozing'ono zimene mwamuuza m'miyezi 3 yoyamba, denga lodontha m'chaka choyamba, ndi vuto lalikulu la maziko kapena makoma mpaka zaka 5. Kwa munthu wogwira ntchito usiku, wopanda nthawi yothamangitsana ndi mapulambala, zimenezi si zochepa. Midrand ilinso pa msewu wa N1 pakati pa Joni ndi Pretoria, ndipo ili ndi siteshoni ya Gautrain. Ku Randburg sitimayi kulibe, mumadalira mabasi, mateksi kapena galimoto yanu.

Mtima wanga unayamba kubwerera tsiku limene mayi anatulutsa tepi m'chikwama m'nyumba yachitsanzo. Chipinda chachiwiri chinkaoneka chabwino chifukwa anaikamo kabedi kakang'ono. Titayeza, tinapeza kuti bedi lathu likalowa, chitseko cha wadiropu sichitseguka. Ndinaganiza za alamu anga akatsika basi ku Park Station ndi zikwama zawo, ndinasowa powagoneka. Kenako nkhani ya levy. Nambala imene amakuuzani pogulitsa ndi yongoyerekeza ya kampani. Eni ake akatenga ulamuliro n'kuona mtengo weniweni wa alonda, inshuwalansi ndi dziwe lija, kawirikawiri imakwera. M'maesiteti ena mumalipira kawiri, ku body corporate ndi ku bungwe la esiteti yonse. Ndipo ku Waterfall, pafupi ndi Mall of Africa, malowo ndi a lizi ya zaka 99, choncho werengani bwino chimene mukugula.

Yakale ilibe chokometsera. Zipinda n'zazikulu, makoma ndi ochindikala, koma mwini wake amakugulitsani voetstoots, kutanthauza kuti mwaitenga mmene ilili. Kuyambira February 2022 ejenti amayenera kukupatsani fomu imene wogulitsa walembapo zolakwika zimene akuzidziwa, ndipo satifiketi ya magetsi ndi yokakamiza. Komabe giza ikatopa mwezi wachiwiri, palibe womanga womuimbira.

Chimene yakale ili nacho, chomwe yatsopano singakhale nacho, ndi mbiri yolembedwa. Lamulo la mu 2011 loyendetsera mabuloko amenewa, lomwe linayamba kugwira ntchito mu October 2016, limafuna kuti body corporate iliyonse ikhale ndi thumba la ndalama zosungira ndi pulani ya zaka 10 yokonzera nyumba. Ndiye pemphani zinthu zitatu: malipoti a zachuma owunikidwa, maminitsi a msonkhano wapachaka, ndi pulani ija. Buloko loyamba limene tinalikonda linali ndi matayilosi atsopano ndi penti wonunkhira. Usiku ndinayala mapepala patebulo n'kumawerenga ndi pensulo m'manja. Eni ake ambiri anali ndi ngongole za levy, bilu ya madzi ya kukhonsolo inali itaunjikana, m'thumba losungira munalibe kanthu, ndipo patsamba lomaliza ankakambirana levy yapadera yosinthira mapaipi onse. Ndikanasaina, penti uja akanandidyera ndalama ya sukulu ya ana. Pali ofesi ya CSOS yothetsa mikangano ya m'mabuloko, koma kukadandaula kumeneko sikudzaza thumba lopanda kanthu.

Buloko lachiwiri, ku Ferndale, dera la ku Randburg, linali ndi makapeti akale a fungo ndi makabati achikasu. Koma mabuku ake anali oyera: denga analikonza kale, ndalama zosungira zinalipo, ndipo maminitsi ankasonyeza anthu okangana pa za malo oimika galimoto basi.

Chimene chinandigamulira nkhani ndi ichi: ife ndife alendo. Pemiti ikhoza kukanidwa, ntchito ikhoza kutha, kumudzi kukhoza kugwa zovuta zofuna kuti munthu abwerere. Mlendo ayenera kugula akuganizira tsiku logulitsa. Mu esiteti yatsopano, mukafuna kugulitsa pakatha zaka ziwiri mumapeza kampani ikugulitsabe gawo lotsatira kuseri kwa mpanda, mafulati ofanana ndi anu, osagonamo munthu, loya wolipiridwa kale. Wogula adzasankhiranji yanu, pokhapokha mutatsitsa mtengo? M'buloko lakale mulibe mpikisano woterewu, ndipo mitengo imene anzanu anagulitsira inalembedwa kale ku Deeds Office, ofesi ya boma yolembetsa umwini wa nyumba, ejenti akhoza kukutulutsirani. Ngati dipoziti yanu yachokera kunja kwa dziko, sungani chikalata cha banki chosonyeza kuti ndalamazo zinalowa mwalamulo, pakuti ndicho chidzakuthandizeni kuzitulutsa.

Amene ali ndi chilolezo chokhazikika, amagwira ntchito ku Sandton kapena ku Pretoria, ndipo akudziwa kuti akhala zaka zambiri, yatsopano ikhoza kumukomera. Ife tinasankha Ferndale. Pepala lopempha kugula nyumba, lotchedwa offer to purchase, likasainidwa mbali zonse ndi pangano lomanga, ndipo masiku 5 obweza maganizo amakhudza nyumba zosapitirira R250 000 zokha. Choncho tinalembetsamo kuti panganolo ligwire ntchito pokhapokha banki ikavomera ngongole, komanso kuti levy yapadera iliyonse imene inavomerezedwa umwini usanasinthe alipire wogulitsa. Makiyi titalandira, Loweruka loyamba tinazula makapeti aja, pansi pake tinapeza matabwa abwinobwino.