Ndemanga: anatilumikizira Revit ndi SQL Server, ndikuwapatsa nyenyezi 4 mwa 5

Ofesi yathu ndi yaing'ono, timajambula mapulani a nyumba pa pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Revit. Tinalemba ganyu kampani ina ya achinyamata odziwa mapulogalamu kuti modelo ya nyumba izilankhulana ndi database (nkhokwe ya zinthu zolembedwa pakompyuta) ya SQL Server momwe a QS athu (owerengera katundu ndi mitengo ya zomangamanga) amasungira mitengo ya zitseko, mawindo, matailosi ndi malata. Chinatikakamiza n'kusakhazikika kwa mitengo. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wolembedwa pa schedule (mndandanda wa katundu wa mu Revit) suchedwa kutha ntchito, ndipo kukopera manambala pamanja kuchokera ku Excel kunkatidyera nthawi yochuluka.

Achinyamatawa anagwiritsa ntchito Dynamo, chida cha mu Revit chopangira script (kapulogalamu kogwira ntchito mongodziyendera), mkati mwake muli code ya Python yofunsa mitengo ku database kudzera pa njira yolumikizira yotchedwa ODBC. Ife timangotsegula Dynamo Player n'kudina batani, mitengo n'kulowa mu schedule. Ngakhale mnzathu amene amaopa chilichonse chooneka ngati code akutha kuyendetsa script imeneyi yekha.

Pomwe anandigwira mtima ndi pa nkhani ya key, chizindikiro chomwe chimagwirizanitsa chinthu cha mu modelo ndi mzere wake mu database. Anakana kudalira Element ID, nambala yomwe Revit imapatsa chinthu chilichonse, chifukwa nambala imeneyo imatha kusintha anthu angapo akamagwira ntchito pa fayilo imodzi yogawana (central). M'malo mwake anapanga malo olembapo khodi ya katundu (shared parameter) pa mtundu uliwonse wa katundu (type), ndipo kugwirizanitsa katundu ndi mtengo wake (JOIN) kumayendera khodiyo. Zokhudza chitseko chimodzichimodzi, monga ngati chafika kale ku saiti, amazimangirira ku UniqueId, nambala ina ya chinthucho yomwe siisintha. Anatiumirizanso kugwirizana kuti chidziwitso chilichonse mwini wake ndani: miyeso ndi kuchuluka kwa zinthu ndi za modelo, mtengo ndi dzina la wogulitsa ndi za database, ndipo script siiloledwa kulemba mosemphanitsa. Poyamba tinkaona ngati akungotichedwetsa, koma n'chifukwa chake mpaka pano palibe amene wafufuta ntchito ya mnzake.

Nanga nyenyezi inayo yapita kuti? Tsiku loyesa, chipinda cha 12 m² chinatuluka ngati 129, mtengo wa matailosi n'kukwera kumwamba. Revit mkati mwake imasunga miyeso m'mafiti, ndiye code yawo inatenga nambalayo osaisintha. Anakonza tsiku lomwelo, koma katswiri amayenera kuzidziwiratu zimenezi. Chachiwiri, mukatsitsa pa intaneti family (chinthu chojambulidwa kale, monga chitseko) yopanda khodi ija, script imangoidumpha mwakachetechete, total n'kuoneka yabwinobwino pomwe zitseko zina sizinawerengedwe. Tinachita kupempha kuti izitulutsa mndandanda wa zomwe zadumphidwa. Magetsi akathimanso, seva n'kuzima, uthenga womwe umabwera sungamveke kwa munthu wojambula mapulani.

Malangizo anatisiyira ndi katsamba kamodzi basi, ndipo atalandira malipiro omaliza mayankho a pa WhatsApp anayamba kuchedwa.

Ngati muli ndi mapulojekiti ambiri ogwiritsa ntchito katundu wofanana, monga nyumba za estate kapena midadada ya sukulu, alembeni, ndalama yanu ibwerera. Wojambula nyumba imodzi mwa apo ndi apo, export ya schedule kupita ku Excel ikukwanirani. Mukawalemba, muike mu kontrakiti zinthu zitatu: malangizo olembedwa mokwanira, code yonse ikhale m'manja mwanu, komanso adzayesenso script mukadzasamukira ku Revit ya chaka china, poti Python ya mu Dynamo imasintha pakati pa ma version.