Macheza ndi opeka nyimbo ku Kawale amakoma wopeka akagwira chida

Gulu lina la achinyamata okonda nyimbo ku Kawale, mumzinda wa Lilongwe, lakhala likukonza macheza apoyera Loweruka masana, pomwe munthu wopeka nyimbo amakhala kutsogolo kwa holo n'kumayankha mafunso a aliyense amene wabwera. Ndalama yolowera pakhomo ndi yochepa, ndipo amene amadzaza mabenchi kwambiri ndi a m'makwaya a m'mipingo yozungulira pamodzi ndi anyamata amene ali ndi timasitudiyo m'nyumba za makolo awo.

Phindu la machezawa limaoneka mlendo akasiya kufotokoza za moyo wake n'kuyamba kuonetsa ntchito. Bambo wina wachikulire, amene wakhala akupekera makwaya kwa zaka zambiri, adalemba mzere umodzi pa bolodi m'zilembo za solofa, n'kuuimba mwa njira ziwiri. Poyamba adaukakamiza kulowa m'chuni chofanana ndi cha nyimbo za m'buku zomwe zidabwera ndi amishonale, ndipo anthu adangomwetulira, pakuti mawuwo ankamveka ngati akutchulidwa ndi mlendo. Kachiwiri adalola chuni kutsatira mmene mawu amakwerera ndi kutsika tikamalankhula, n'kuuika pa kagundidwe ka manganje, akuomba m'manja pang'onopang'ono mpaka holo yonse idalowerera osauzidwa. Adafotokoza kuti iye amayamba wayankhula mzere mokweza kangapo asanaufunire chuni, ndipo kuti besi amailemba pomaliza penipeni. Zinthu zotere sungazimve pa wailesi, chifukwa kumeneko timangolandira nyimbo itapsa kale.

Tsiku lina kudabwera mnyamata wa laputopu amene amayamba ndi biti, mawu n'kubwera pambuyo. Adatiikira kuti timve kulira kwa bangwe kumene adajambula ndi foni kumudzi, kenako n'kuonetsa mmene adakuduliradulira mpaka kukhala maziko a nyimbo yovinika. Akuluakulu ena adakana kuti kumeneko n'kupeka, ndipo mkangano umene udabuka udali wokoma kuposa mafunso onse okonzeratu. Ine ndidaima ndi mnyamatayo, ngakhale kuti funso la mayi wina, lofuna kudziwa ngati mwini bangwe adalandirapo kanthu, lidamusowetsa chonena.

Funso limenelo lidatsegula nkhani ya ndalama, yomwe okonza machezawa amaigwira bwino. Adakumbutsa anthu kuti bungwe la COSOMA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992, ndi lomwe limatolera ndalama za eni nyimbo, kuti lamulo la 2016 loteteza ntchito za luso lidalowa m'malo mwa lija la 1989, komanso kuti wopeka ali ndi ufulu wakewake wosiyana ndi wa woimba kapena wojambula. Ambiri mwa oimba m'kwaya sankadziwa kuti mphunzitsi wawo angalembetse nyimbo zomwe amawapekera.

Zofooka zilipo, ndipo chachikulu ndi woyendetsa mwambo, amene amataya nthawi yambiri pofunsa komwe mlendo adabadwira, oimba amene amawasirira ndi uthenga wake kwa achinyamata, gitala ili chigonere pampando. Mwambo umayamba mochedwa, zimkuzamawu zimalira anthu akayandikira maikolofoni, ndipo magetsi akazima palibe jenereta, ngakhale kunena zoona bambo wa makwaya uja ankamveka bwino popanda makinawo. Ndikudandaulanso kuti amayi opeka nyimbo saitanidwa kawirikawiri, chonsecho m'magulu a amayi a m'mipingo ndiponso pa chimtali ndi amayi amene amayambitsa nyimbo zatsopano.

Amene akuphunzira kupeka apite, atenge kope ndi cholembera, akhale pa mabenchi akutsogolo chifukwa kumbuyo bolodi silioneka, ndipo nthawi ya mafunso ikakwana apemphe mlendoyo kuti aimbe mzere umene adautaya asanafike pa umene tonse timaudziwa.