Yamaha RX-V385: mawati 70 akukwana pabalaza, koma yambani mwaona masipika anu

Ampulifaya iyi ndakhala nayo kuyambira nyengo yozizira yapitayi kwathu ku Luwinga, ndipo ndalama zanga sizinalowe m'madzi. Ndi yamtundu uja wa AV receiver: dekoda, wailesi yakanema ndi foni zonse zimalowa mmenemo, iyo n'kumagawa mawu ku masipika asanu ndi sabuwufa (sipika ya besi) imodzi, zomwe amazitcha 5.1. Ili ndi malo anayi olowetsamo mawaya a HDMI, Bluetooth komanso wailesi ya FM. Anandibweretsera ndi alamu anga kuchokera ku Johannesburg, ine ndinangosintha pulagi kuti ilowe m'masoketi athu.

Aliyense wobwera kunyumba funso lake ndi limodzi: "Ndi mawati angati?" Ndikayankha kuti 70, ambiri amaseka, chifukwa makatoni a mawailesi omwe adzaza m'mashopu m'tauni muno ndi ku Taifa amalembedwa mawati masauzande. Yomwe ndinali nayo kale inali yotero, nambala yaikulu pakatoni, pambali pake timalemba ta PMPO, kutanthauza mphamvu ya pachimake ya kanthawi kochepa chabe. Nambala ya PMPO siikuuzani mphamvu imene chipangizo chingapereke mosalekeza nyimbo ikuimba. Tembenuzani wailesi yoteroyo muwerenge kumbuyo mphamvu imene imakoka pamagetsi, mupeza kanambala kochepa zedi. Kodi ingatulutse bwanji kwa maola zoposa zimene ikukoka kukhoma?

Mawati 70 a Yamaha iyi anayezedwa poyera: pa masipika a 6 ohms (a 8 ohms pa zopangidwira ku America), awiri akuimba nthawi imodzi, kuyambira mawu otsika a 20 Hz mpaka okwera a 20 kHz, kusokonekera kwa mawu kuli pa 0.09%. Ampulifaya yomweyi muipeza yalembedwa nambala zokulirapo penapake, koma apo amakhala ayezera sipika imodzi yokha pa 1 kHz. Mukamayerekeza ziwiri m'shopu, onetsetsani kuti miyeso yake ndi yofanana. Dziwaninso kuti masipika onse asanu akamagwira ntchito pamodzi, iliyonse imalandira zocheperapo, poti zonse zikudya kuchokera ku thiransifoma imodzi.

Koma chimene chinandithandiza kwambiri ndi kuwerenga kumbuyo kwa masipika ndisanatume munthu kukagula kanthu. Pali manambala awiri. Yoyamba ndi ma ohms. Anga ndi a 6 ohms, ndipo ampulifayayi imawayendetsa bwinobwino. Akanakhala a 4 ohms ndikanayang'ana ina, chifukwa ma ohms akamachepa sipika imakoka magetsi ambiri, ampulifaya yaing'ono n'kumatentha kapena kudzizimitsa yokha. Ndipo inu amene mumakonda kumangirira masipika awiri pamalo a imodzi, mukalumikiza awiri a 8 ohms waya wofiira ndi wofiira, wakuda ndi wakuda, ampulifaya imaona ngati ndi imodzi ya 4 ohms.

Nambala yachiwiri ndi ya dB, imene imanena mmene sipika imafuulira ikapatsidwa wati imodzi yokha, inu mutaima mita imodzi patsogolo pake. Akutsogolo anga ndi a 88 dB. Lamulo lake ndi lakuti, kuti mawu akwere ndi 3 dB yokha, mawati ayenera kuwirikiza kawiri. Ndiye sipika ya 85 dB imafuna mphamvu yowirikiza kawiri kuti ifanane ndi yanga, pomwe ya 91 dB imafuna theka. N'chimodzimodzi ndi ampulifaya: kuchoka pa mawati 70 kufika pa 140 mumangopindula 3 dB, imene khutu limaimva ngati kukwezako pang'ono basi. Kuti mumve ngati mawu awirikiza pamafunika pafupifupi 10 dB, kutanthauza mawati ochuluka kakhumi. Nditamvetsa zimenezi, mtima wofuna yaikulu unangotheratu.

Mpando wathu uli pafupifupi mamita atatu kuchokera pa kanema. Poonera mpira kapena filimu, voliyumu sinafikepo pamene mawu amayamba kuuma. Mayeso enieni ndi mvula ya kuno ku Mzuzu. Nyumba yathu ndi yamalata, siling'i yake ndi yopyapyala, ndiye ikayamba kukhuthuka madzulo kale tinkangoona milomo ya owerenga nkhani ikugwedera. Tsopano ndimakweza sipika yapakati yokha, imene imanyamula mawu a anthu olankhula, ndipo timamva popanda kusokosa nyumba yonse. Mayi a ana, omwe poyamba ankadandaula za mawaya odutsa kuseri kwa makatani, panopa ndi amene amagwira rimoti.

Mkatoni mumabwera kamaikolofoni kakang'ono ka YPAO, njira ya Yamaha yodziyezera yokha mawu m'chipinda. Mumakaika pomwe pamakhala mutu wanu mukakhala pampando, n'kutuluka kapena kungokhala chete, ampulifaya n'kumaliza sipika iliyonse payokhapayokha kuyeza mtunda ndi kukula kwa mawu. Chitani izi usiku ana atagona, tambala wa aneba asanayambe. Ikamaliza, lowani muone zimene yasankha. Ine masipika onse ndinawaika pa Small, malire n'kuika pa 80 Hz, kuti mawu otsika onse azipita ku sabuwufa. Besi ndi imene imadya mphamvu kwambiri, ndiye ikachoka, mawati 70 aja amatsala ndi ntchito yopepuka. Kungoti sabuwufayo iyenera kukhala ya ampulifaya yakeyake, yolumikiza kumagetsi payokha. Ija yongolowa mawaya awiri yochokera pa wailesi yanu yakale siigwira mwachindunji pano.

Anthu ambiri amaopa kuti ampulifaya yamphamvu iwotcha masipika. N'zotheka, koma kawirikawiri twita, kasipika ka mawu okwera, imapsa ndi ampulifaya yofooka imene yakakamizidwa kupitirira malire ake. Mawu akayamba kung'ambika ndi kubaya m'makutu, tsitsani msanga. N'chifukwa chake mnzanga wina wa ku Chibavi atabwera kudzabwereka kuti akaimbire chinkhoswe pabwalo ndinamukaniza, ngakhale sanasangalale. Panja palibe makoma obweza mawu, anthu amangoti kwezani, kwezani, ndipo m'mawa mwake mumalandira katundu wonunkha utsi. Zapabwalo zili ndi zimkuzamawu zake.

Zomwe ilibe muzidziwiretu: Wi-Fi mulibe, Dolby Atmos mulibe, polumikiza galamafoni ya mbale palibenso. Ine sindizisowa, nyimbo zimachokera pafoni kudzera pa Bluetooth. Imafunanso mpweya. Musaitsekere m'kabati kapena kuyala nsalu yoluka pamwamba pake monga timachitira ndi zinthu zina zapabalaza, chifukwa kutentha kumatulukira m'timabowo tapamwambapo. Ndinagulanso kachipangizo koteteza magetsi akabwerera mwamphamvu, ndipo kukamachita ziphaliwali ndimazula pulagi pamodzi ndi waya wa dishi.

Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, yambani kuwerenga kumbuyo. Magetsi athu ndi a 230V, pomwe zopangidwira ku America ndi za 120V ndipo za ku Japan ndi za 100V. Zimenezo mukazilowetsa kukhoma mwachindunji zimapsa. Wogulitsa akuyesereni malo onse asanu a masipika mmodzimmodzi, osati awiri akutsogolo okha, ndipo ngati rimoti kapena kamaikolofoni ka YPAO palibe, mtengo utsike.