Modemu, foni ya Android kapena kampani yolumikiza: SMS ifike bwanji pa webusaiti?

Kutumiza uthenga kuchokera pa webusaiti sikuvuta. Nkhani imakula mlimi kapena mzamba akayankha: yankholo likafikira kuti?

Njira yakale ndi modemu ya USB (kachipangizo kolumikiza kompyuta ku netiweki ya mafoni) yokhala ndi simukhadi ya TNM kapena Airtel, yolumikizidwa ku kompyuta. Pulogalamu ya Gammu imawerenga uthenga uliwonse wolowa n'kuusunga mu database (nkhokwe yosungiramo uthenga pa kompyuta) ya MySQL, webusaiti yanu n'kumatapa m'menemo. Pulogalamu ya FrontlineSMS ya Ken Banks inayamba ndi nzeru yomweyi mu 2005, ndipo mu 2008 chipatala cha St Gabriel's ku Namitete chinaigwiritsa ntchito polumikizana ndi odzipereka azaumoyo a m'midzi. Kulandira uthenga sikulira intaneti. Koma magetsi akathima zonse zaima, ndipo mauthenga amatuluka umodziumodzi, moti akafika masauzande mudzachezera.

Pa ntchito yaing'ono, ine ndimakonda foni ya Android yoikidwa pulogalamu ya Telerivet. Ili ndi batire lakelake, nambala yake ndi wamba moti aliyense atha kuyankha, ndipo uthenga ukangolowa imaukankhira ku seva yanu (kompyuta yomwe pamakhala webusaiti yanu). Chofunika n'chakuti wina aziona kuti bando ilipo ndipo chaja sichinazulidwe.

Anthu akachuluka, pitani kwa makampani olumikiza monga Africa's Talking ya ku Nairobi kapena Twilio ya ku America. Mumangoitana API yawo (khomo lomwe pulogalamu yanu imalankhulira ndi makompyuta awo), iwo n'kukuuzani ngati uthenga wafika. Apa ambiri amakopeka ndi dzina la bungwe looneka pamwamba pa uthenga, osadziwa kuti uthenga wobwera ndi dzina suyankhika. Kuti anthu ayankhe pamafunika short code (nambala yaifupi yapadera yolandirira mauthenga), ndipo imeneyo ndi ndalama zina. Twilio imalipiritsanso m'madola, omwe kuno ndi osowa.

Kulumikiza seva yanu mwachindunji ku Airtel ndi TNM kudzera pa SMPP (njira yomwe makompyuta amapatsirana ma SMS ndi makampani a mafoni), pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Kannel, kumathamanga kuposa zonsezi. Koma ndi mapangano awiri, nambala yochokera ku MACRA, ndi katswiri woyang'anira usana ndi usiku. Zisiyireni mabanki ndi mabungwe akuluakulu.

Njira iliyonse mungasankhe, samalani ndi chilembo cha ŵ. SMS imodzi imanyamula zilembo 160, koma mukangoikamo ŵ mmodzi, uthenga wonse umasanduka wa Unicode (kalembedwe komwe chilembo chilichonse chimadya malo ambiri) n'kutsika kufika pa 70. Chikumbutso cha katemera cha zilembo 150 mudzachilipira katatu pa mayi aliyense. Ikani mzere mu pulogalamu yanu wosintha ŵ kukhala w uthenga usanatuluke.